Tiyi wa Mfumukazi, Mpunga wa Amayi

Lolemba

Amayi anyamuka ndi minibasi ya m'mawa kupita ku Limbe kukaona achemwali anga amene abereka. Abwera Lamulungu. Mawu awo omaliza, mwendo umodzi uli kale m'galimoto: "Ndidzapeze mpunga uli pansi." Ndayankha kuti musadandaule amayi. Ndayankha mokweza, anthu onse pa siteji amva.

Munda wathu wa kudambo si wamasewera. Mpunga wacha mpaka waweramira pansi, ndipo mpheta zauzana kale. Ndekha sindingathe. Woitana anthu kudzamuthandiza kudula amaphika thobwa, koma ine chimera ndilibe, ndipo thobwa langa lomaliza ngakhale nkhuku zinalinunkhiza n'kulisiya.

Koma ndili ndi buku!

Analisiya achimwene pa holide. Lachingerezi, lonenepa ngati Baibulo la paguwa. Pachikuto pali mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno ndi chinjoka cha ndevu. Nkhani yake ikuchitikira kudziko lina longa Tchaina, kalekale, kunyumba ya mfumu kumene aliyense amamwetulira mnzake uku akumukumbira dzenje. Ndafika pakati, dikishonale ili pambali, ndipo ndiwo zapserera kangapo chifukwa cha bukuli.

M'menemo muli nduna ina yochenjera. Sigwira kanthu ndi manja ake, koma zonse zimayenda mmene iyo yafunira. Ndaphunzirapo kanthu.

Pulani:
- kuitana anthu kumunda mawa
- iwo azidula, ine ndiziwafotokozera nkhaniyi m'Chichewa
- kulekeza pokoma kuti abwerenso
- Lachisanu mpunga uli pansi
- Loweruka kumenya mpungawo
- Lamulungu amayi kundiyamika pamaso pa anthu, ine kudzichepetsa

Ndauza Esinati, mnzanga wa kukwaya. Kuuza Esinati ndiye kulengeza pa wailesi.

Mutu uwu ndi wangadi? Ndikudzidabwa ndekha!

Lachiwiri

Abwera! Esinati ndi atsikana a kwaya. Amayi angapo akuluakulu. ANangondo a munda woyandikana ndi wathu, amene ati angodzaona. AKhoviwa, mkulu amene amathamangitsa mbalame m'minda yonse ya kuno ndi chitini cha miyala. Aliyense zenga lili m'manja. Ine ndakhala pachulu pakati pa munda, ambulera kumutu, buku pamiyendo. Zikundikhala bwanji!

Ndayamba. Mtsikana wa m'bukuli ndi mwana wa alimi a mpunga. Onse pamodzi: "Eee, ndi mnzathu!" Dzina lake palibe amene akulitha, ngakhale ine ndimangolidutsa mothamanga, ndiye amutcha Meliya. Asilikali amutenga kuti akakhale mmodzi mwa akazi a mfumu. Iye wavomera, chifukwa bambo ake anawatsekera m'ndende ya pansi pa nyumba yomweyo, ndipo akufuna kukawatulutsa.

Mazenga aima pomwepo.

Mafunso:
- Akazi angati? (Ndati akhoza kudzaza tchalitchi cha pa Mishoni, ena n'kuimirira panja. Mayi wina wagwira pakamwa.)
- Onsewo amawagulira zitenje?
- Amaphika mosinthana kapena aliyense mphika wake?
- Ankhoswe a Meliya anali kuti?
- Malume ake anavomera?

ANangondo, dzanja m'chiuno: "Mwamuna ndiye amatsata mkazi. Mfumuyo ikanabwera kwawo kwa Meliya, imange nyumba, ilime munda wa apongozi. Mwana wamkazi achoke pamudzi pa amake ngati mbuzi yogula?"

Ndafotokoza kuti kumeneko kulibe chikamwini. Sakukhulupirira. Akuti mwina tsamba limenelo ndalidumpha.

Ndapitiriza. Meliya ali ndi mphamvu yobisika: chilichonse chimene wasoka pansalu chimasanduka chamoyo. Usiku woyamba wasoka kambalame pampango, kakupiza mapiko, kauluka! Atsikana aomba m'manja. AKhoviwa aponya chitini pansi: "Mwana wa mlimi wa mpunga n'kumapanga mbalame? Zilipozi zachepa?"

Ndalekeza pamene Mfumukazi, mkazi wamkulu wa mfumu, yaitana Meliya n'kumupatsa kapu ya tiyi, ikumwetulira. Buku phu! Kukuwa kwake! Esinati wandigenda ndi chibuma, akuti ndilibe chisoni. Ndasangalala kwambiri.

Mpunga wodulidwa: malo oti munthu angayalepo mphasa zingapo. Palibe kanthu. Lero linali tsiku lodziwana ndi anthu a m'nkhani.

Lachitatu

Anthu achuluka. Mazenga achepa. Ena abwera ndi timipando! Mayi wina wafika ndi dengu la zitumbuwa, watsegula msika m'mbali mwa chulu.

Kwabweranso anyamata ogonera ku vidiyo ya pa siteji. Amva kuti ndi za Matchaina, ndiye akufunsa kuti karate iyamba nthawi yanji. Ndati mulibe karate, muli kunong'onezana m'makonde ndi kugwadirana. Akuti zonse zimayamba choncho, adikira.

Za tiyi zija: Meliya sanamwe. Wanamizira kupunthwa, tiyi wakhuthukira paduwa, duwa lafota nthawi yomweyo. Atsikana aliza nthungululu. Ine ndimati basi, tsopano onse adana nayo Mfumukazi, ukali uja upite m'mazenga.

Ayi ndithu. Amayi akuluakulu onse ali kumbali yake! Ayamba ndi kuitchula kuti aMfumukazi, mwaulemu, ngati amapemphera nayo limodzi.

ANangondo: "Mayi uja anayamba naye mwamunayo alibe kanthu. Lero kabwere kamwana ka dzulodzuloli ndi singano yake?" Ndati mfumu inabadwa ili ndi zonse. Akuti palibe mwamuna amene anabadwa ali ndi zonse, alipo amene anamuchapira.

Mayi wa zitumbuwa: "Komanso kutaya tiyi wa eni ake ndi mwano. Ukakhuta umanena."

Esinati: "Munali poizoni!"

Mayi wa zitumbuwa: "Unalawako?"

Matipate afika mpaka m'munda mwathu. Chipani cha Meliya uku, chipani cha aMfumukazi uko, aliyense akuloza mnzake ndi zenga. Pali atsikana awiri apachibale amene sakulankhulana. Pali mayi wina amene wasintha chipani kawiri dzuwa lisanafike pamutu. Ine ndili pachulu ngati woweruza, kukoma kwake kosaneneka.

Vuto laling'ono: mawu anga safika patali. Wodula akangosuntha pang'ono akuti sakumva, ndiye akubwerera pachulu. Mpunga wozungulira chulu watha bwinobwino, pali mbee ngati dazi la abusa opuma. Wotsalawo uli chiimire, kupatula umene waponderezedwa ndi timipando.

Mawa ndikhwimitsa malamulo.

Lachinayi

Malamulo:
- wopanda zenga asamve nawo
- mafunso pamapeto
- zitumbuwa kunja kwa munda

Loyamba latheka. Anyamata a vidiyo abwera ndi mazenga, akuwazunguza m'mwamba ngati malupanga, akulira ngati amphaka. Ngala imodzi sanaikhudze. Lachiwiri lafa ndisanamalize kulinena. Lachitatu ndalifewetsa ndekha, mayi uja atandipatsa chitumbuwa chotentha chaulere. Nduna ya m'buku nayo imalandira mphatso.

Mutu wa lero: pansi pa phiri limene pali nyumba ya mfumu pamagona chinjoka. Chikatembenuka, mitsinje imasefukira, midzi imakokoloka.

AKhoviwa aimirira, avula chipewa, ayang'ana kuphiri la Zomba. "Ameneyo ndi Napolo. Ndimadziwa ine kuti akachoka kuno ali ndi kwina kumene amakagona." Ndiye ayamba: mmene anatsikira iwo ali mnyamata, miyala ikugubuduka ngati maungu, mtsinje ukulira ngati sitima. Aliyense ali ndi agogo ake amene anamuona. Akukangana ngati ali ndi ndevu kapena ayi. Abweretsa chikuto cha buku kukhala mboni. Wodula palibe. Wothamangitsa mbalame palibenso, poti mwini chitini ali pa ulaliki. Mpheta zikudya Khirisimasi kumapeto kwa munda.

Nditalanda mawu, tsoka ilo, tsamba lonse likufotokoza zovala za pa phwando la mfumu. Nsalu iyi, ulusi uwo, mikanda ya m'tsitsi. Chingerezi chake cholimba ngati nyemba zosapsa. Ndili kalikiliki ndi dikishonale, anthu akuyasamula.

ANangondo atseka mpatawo: "Pamene ukufunafunapo, ine ndikanakhala make Meliya ndikanatuma mwana kwa malume ake." Wina wafunsa kuti malumewo akanati chiyani. Iwo atsokomola, akulitsa mawu ngati bambo wosuta fodya wa chingambwe: "Mfumu ndi mfumu kwawo. Pakhomo pano ndi mkamwini." Anthu agwa nako kuseka. Nane ndaseka. Ndi bwino kulola anthu kuti azilankhulako, amamva ngati nkhani ndi yawo.

Pobwerera aNangondo andiperekeza mpaka pakhomo. Andipatsa nthochi. Akuti ndili ndi mutu. Andifunsa bwinobwino za nduna ija, za ndende, za makhalidwe a mfumu, imadya chiyani, imaopa chiyani. Ndawauza zonse. Mayi wabwino uyu, anthu amangomunena.

Mpunga: dazi lija lakula pang'ono. Kumapeto kwa munda wayamba kuyoyoka. Ndaona ndithu, koma mawa pali mutu wa ndende. Mawa adula ngati amisala.

Lachisanu

Ndalawirira. Ndakwera chulu, ndatsegula ambulera, ndatsegula buku.

Palibe munthu.

Ine, mpheta, ndi mapepala amafuta a zitumbuwa za dzulo.

Kuseka kukumveka kuseri kwa bango, kumunda kwa aNangondo. Ndanyang'ama kukasuzumira.

Onse ali uko! Atsikana a kwaya, chipani cha aMfumukazi, anyamata a vidiyo, onse aweramira pansi pamzere umodzi, mazenga akungoti tswe, tswe, tswe. Patsogolo pali aNangondo. Akudula uku akulankhula, motsitsa mawu, osatembenuka. Wofuna kumva ayenera kukhala pafupi nawo, ndipo kuti ukhale pafupi uyenera kudula zimene zili patsogolo pako. Wina akangoweramuka, iwo akuti zii. Anzake onse amukalipira mpaka awerame.

Pulani yanga! Meliya wanga! Anthu anga! Ndi zitumbuwa zomwe zasamukira konko!

Nkhani yake ndiye bodza lamkunkhuniza. Akuti malume a Meliya avala jekete, atenga ankhoswe, akwera bulu, akagogoda kunyumba ya mfumu. Akuti alonda awakaniza, malume akhala pansi pachipata n'kutulutsa chinangwa chawo, ati sachoka. Ndalephera kupirira. Ndakuwa kuti zimenezo m'buku mulibe!

Esinati, mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo, osadzutsa ndi mutu womwe: "Shii! Malume akulankhula."

Zandiwawa. Ndanena, zandiwawa kwambiri.

Ndabwerera kumunda kwathu. Ndadula kamzere ndekha mpaka msana wakana. Ndakhala pachulu n'kuwerengera mpheta mutu wa ndende, mokweza. Meliya wasoka kiyi pampango wake, kiyi wagwera m'manja mwake, watsegula chitseko, bambo ake sakumuzindikira chifukwa cha zovala zachifumu. Kukoma kwake! Ndatembenuka kuti ndione nkhope ya Esinati, palibe. Ndalira pang'ono, theka chifukwa cha Meliya, theka chifukwa cha ine. Kenako ndapitiriza, poti buku lokoma silidziwa kuti uli pamavuto.

Nduna yochenjera ija yagwidwa. Aitumiza kumalire a dziko kukaweta abakha.

Sindikufuna kukambapo.

Loweruka

Pulani yatsopano, yachidule: kupita konko, kuimirira pamaso pa onse, kuwerenga zoona zake, kubwera nawo anthu anga. Ndatsuka kumaso, ndamanga duku, ndanyamula buku pachifuwa ngati mlaliki.

ANangondo andiona ndili patali. "Mwini nkhani wafika! Mpatseni zenga, asamve ali chiimire ngati mlendo." Anthu aomba m'manja. Munthu ungakane bwanji akukuombera m'manja? Ndati ndingomva pang'ono, ndidziwe pamene akunamapo, ndiwagwire bwino. Buku ndaika pachitsa.

Zimene zachitika kudziko la Meliya kuyambira dzulo:
- mlandu wagamulidwa: mfumu ipite kuchikamwini
- yafika ndi mikanjo yokwekwereza pansi, apongozi aipatsa khasu ndi ndime
- manja a mkanjo ndi aatali, agwera m'phala
- yakumana ndi apongozi panjira ya kuchitsime, ndiye mwa mwambo yathawira patchire, asilikali ake onse pambuyo, ndi oimba ng'oma omwe
- patchirepo pali chitedze
- aMfumukazi abwera kudzaona kumene mwamuna wawo akuvutikira, apeza akukanda, aseka mpaka akhala pansi, Meliya awapatsa mpando
- awiriwa tsopano ndi mabwenzi apamtima, akusinja limodzi, bambo a Meliya awatulutsa okha popanda kiyi wosoka
- poizoni uja anathira ndi nduna (apa aNangondo andiyang'ana, sindikudziwa chifukwa chake)
- Napolo wadutsa kamodzi, aKhoviwa avula chipewa
- karate yapezeka: mfumu ikulimbana ndi anyani m'munda wa chimanga, anyani apambana

Pa chitedze paja ndagwa m'matope ndi kuseka. Ndimafuna kukonza kuti mfumu singagwire khasu, koma panthawiyo apongozi anali akubwera kudzayendera ndime, ndipo ndinafuna kumva chimene anene. Kuti ndimve ndasendera pafupi. Kuti ndisendere ndadula. Mtsikana wina wafuna kundipitirira, ndakana, ndadula kwambiri. Wina waweramuka, aNangondo ati zii, woyamba kumukalipira ndine.

Zipani zatha. Aliyense wapeza chake. Esinati wandipatsa theka la chitumbuwa, takhululukirana.

Poweramuka, dzuwa lapendeka, munda wa aNangondo uli mbee, mitolo ili ndandanda. Akuti mwa onse palibe wodula msanga ngati ine. Andiimbira nyimbo! Ndavina! Ndanyadira ndithu, mpaka pamene ndatembenukira kuseri kwa bango, kumunda kwathu.

Ndapempha kuti tsopano tipite kwathu. Akuti mawa ndi Lamulungu. Nanga Lolemba? Lolemba nkhani ipitirira kumunda kwa amake Esinati, mfumu ikamanga nkhokwe. Lachiwiri kwa mayi wa zitumbuwa. Minda yafola kale pamzere.

ANangondo andisisita paphewa: "Kwanu tifika, mwanangu. Meliya akabereka."

Meliyayo ngakhale pakati alibe!

Lamulungu

Kutchalitchi ndine munthu wotchuka. Azimayi akundigwira dzanja ndi manja awiri: "Buku lako lija ndi labwino, makamaka pa malume paja." Wina akuti ndimubwereke akaonetse mwamuna wake tsamba la chitedze. Ndasiya kutsutsa. Ndikungoti zikomo.

Masana ndalimaliza bukulo, pakhonde. Meliya wasoka chinjoka china pansalu yaikulu, ziwirizo zauluka limodzi, madzi aphwa, iye wakana chipewa chachifumu n'kubwerera kwawo ndi bambo ake. Mathero abwino, misozi yagwera patsamba. Koma ndisaname, mpaka tsamba lomaliza ndimayembekeza kuti mwina malume atulukira.

Amayi afika. Mwana wa achemwali ndi wamkazi, wonenepa, akuti wafanana ndi ine. Nkhani yabwino yathera pomwepo. Chikwama pakhonde, madzi osamwa, molunjika kudambo. Ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika.

Aona dazi lozungulira chulu. Aona mabowo a miyendo ya timipando. Aona mpunga woyoyoka pansi, ndi mpheta zonenepa zimene sizikuvutika n'kuthawa komwe. Asuzumira kuseri kwa bango, aona mitolo ya aNangondo. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Agwira manja anga, awatembenuza. Matuza okhaokha, ena ophulika. Nkhope yawo yafewa, ndamva chisoni chawo, ndatsala pang'ono kupulumuka. Kenako ayang'ananso munda, ayang'ananso manja.

"Matuza onsewa ndi a munda wa yani?"

Ndisanapeze bodza, mawu achokera kuseri kwa bango: "Mwabwerako, anzanga? Mwana wanuyo ndi wolimbikira, musamutaye!"

Mazenga awiri anoledwa, ali pakhomo. Mawa kulawirira, ine ndi amayi, awiriwiri. Ndafunsa ngati angakonde kumva za Meliya tikamadula.

Akuti iwo podula safuna nkhani.